Mutu ukuwawa, malungo palibe: dotolo wa ana afunse chiyani?

Mwana wa zaka 12 yemwe mtima wake wasweka safika kuchipatala n'kunena kuti ali ndi nkhawa. Mawu oterowo sawadziwa. Chomwe amanena n'chakuti mutu ukuwawa, m'mimba mukupota, mtima ukuthamanga kapena thupi lonse likuphwanya. Mayi ake amaonjezera kuti masiku ano chakudya akungochitola, wayambiranso kukodza pogona ndipo kusukulu akuchita kumukankha.

M'zipatala za m'dziko muno madandaulo otere ali ndi njira yake yodziwika. Mwanayo amamubaya pachala kuti aone ngati ali ndi malungo. Akapezeka nawo amalandira LA. Akapanda kupezeka nawo amalandira panado n'kuuzidwa kuti abwerenso ngati sakusintha. Ndipo amabweradi, kachiwiri, kachitatu, mpaka masamba a buku lake la kuchipatala kudzaza ndi dandaulo limodzimodzi lolembedwa ndi manja osiyanasiyana.

Palibe yemwe walakwa mwadala pamenepa. Dotolo, clinical officer kapena medical assistant wachita zomwe adaphunzira, zomwe ndi kusaka matenda opha mwana msanga monga malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Koma funso lomwe likuzunguza mitu akatswiri a zaumoyo ndi lakuti anthu omwewa, poti ndiwo amaona ana tsiku ndi tsiku, angakonzekeretsedwe bwanji kuti azizindikiranso matenda a maganizo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka zapakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Likutinso pafupifupi theka la matenda onse a maganizo amayamba munthu asadapitirire zaka 14. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka la anthuwa adali asadakwanitse zaka 18.

Akatswiri oti n'kusamalira chinamtindi cha ana chotere ndi owerengeka. Padali nthawi yomwe dziko lonse linkadalira dotolo mmodzi yekha wa boma wa matenda a maganizo. Zinthu zidayamba kusuntha pomwe sukulu ya madotolo ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, idayamba kusula akatswiri otere mothandizana ndi madotolo a ku Scotland komanso yunivesite ya Cape Town. Ngakhale zili choncho, thandizo lakuya likupezekabe malo ochepa: chipatala cha Zomba Mental, zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Mwana wa ku Nsanje, Mchinji kapena Chitipa sadzamuona katswiriyo. Yemwe adzamuone ndi uja amayeza malungo.

Kuti maphunziro amasintha maso a ogwira ntchito m'chipatala zidaoneka ku Machinga. Dr Felix Kauye, yemwe adatsogolerapo chipatala cha Zomba Mental, adachita kafukufuku m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomalo yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2014. Zipatalazo adazigawa pawiri, ndipo ogwira ntchito a gulu limodzi adalandira maphunziro apadera a masiku ochepa okhudza matenda a maganizo. Atabwerera kuntchito adayamba kupeza odwala matenda a nkhawa ndi okhumudwa omwe kale sankawaona n'komwe, pomwe chiwerengero cha omwe ankawalembera kuti ali ndi malungo chidatsika. Kafukufukuyu adali wa akuluakulu, koma uthenga wake ngwomveka: ena mwa "malungo" omwe amalembedwa m'mabuku aja ndi maganizo.

Wachira, koma si mwana uja

Nthawi zina malungo enieniwo ndiwo amabala vuto la maganizo, ndipo umboni wake udapezeka pachipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre. Gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Dr Gretchen Birbeck lidalondoloza ana 132 omwe adachira malungo okhudza ubongo, aja amakomola mwana, n'kuwayerekeza ndi ana ena 264 omwe sadadwale nthendayi. Zotsatira zidatuluka mu 2010 m'magazini ya madotolo ya Lancet Neurology. Mwa ana 132 aja, 12 adayamba kudwala khunyu ndipo 14 adasintha khalidwe moti adasanduka ovuta kuwalera. Mwa ana 264 a gulu linalo padalibe ngakhale mmodzi yemwe adaonetsa mavuto awiriwa.

Mwana wotereyu amatuluka m'chipatala anthu akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka. Pakapita miyezi, makolo amayamba kudabwa. Sakhazikika malo amodzi, amamenya anzake popanda chifukwa, amaswa ziwiya, amathawa pakhomo, ndipo m'kalasi zomwe ankazidziwa zauluka. Kunyumba amati wayamba mwano ndipo mankhwala ake ndi chikwapu. Kusukulu amati ndi mbuli. Ena amafika pomumangirira pamtengo kuti makolo apeze mpata wopita kumunda.

Dotolo wa ana yemwe adamupulumutsa ku imfa ndiye ali ndi mwayi woyamba wochenjeza makolo pa tsiku lotuluka, kuti ngati khalidwe la mwana litasintha abwere naye, chifukwa ndi chipsera cha nthenda ija osati kupulupudza. Mawu amenewa satenga mphindi ziwiri, koma amanenedwa ndi munthu yekhayo yemwe adaphunzitsidwa kuti zoterezi zimachitika.

Chimodzimodzi ndi achinyamata omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Kafukufuku wa Dr Maria Kim ndi anzake a bungwe la Baylor, yemwe adatuluka mu 2014, adafunsa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe amalandira thandizo m'zipatala ziwiri za m'dziko muno. Adapeza kuti 18.9 peresenti, kutanthauza pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse, adali ndi matenda okhumudwa. Chimodzi mwa zinthu zomwe zidaoneka kuti zikuyendera limodzi ndi vutoli ndi kutonzedwa ndi anzawo kaamba komwa mankhwala. Wachinyamata wokhumudwa amatha kuyamba kudumphitsa ma ARV, ndipo tizilombo tikachuluka m'magazi, kumukalipira kuti ndi wosamva sikuthandiza ngati palibe yemwe wamufunsa chomwe chikumudya.

Mafunso omwe safunsidwa

Nanga maphunziro ake ndi otani? Mu 2008 WHO idakhazikitsa ndondomeko yotchedwa mhGAP yomwe cholinga chake n'chakuti ogwira ntchito zachipatala omwe si akatswiri a matenda a maganizo azitha kuzindikira ndi kuthandiza matenda ofala. Buku lake lotsogolera lidatuluka mu 2010 ndipo lidakonzedwanso mu 2016. M'bukuli muli gawo lonse la ana ndi achinyamata, lomwe limakamba za kuchedwa kukula, mavuto a khalidwe ndi mavuto a mumtima monga nkhawa ndi kukhumudwa.

Phunziro loyamba limaoneka lophweka koma ndi lomwe limavuta: kupempha kholo kuti lituluke. Pachikhalidwe chathu mwana sayankhula akuluakulu ali pomwepo, ndipo kuchipatala woyankha mafunso amakhala mayi, azakhali kapena agogo, mwini wake matendawo atangozyolika. Dotolo wophunzitsidwa amamva kaye mbali ya kholo, kenako n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi, tadikirani pakhomopo pang'ono ndicheze naye mwanayu payekha." Mtsikana yemwe akugwiriridwa ndi amalume ake, kapena mnyamata yemwe wayamba kusuta chamba, sangatsegule pakamwa mayi ake ali pampando wapafupi.

Akatsala awiri, pali ndandanda wa mafunso womwe madotolo a achinyamata m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito, wotchedwa HEADSS. Umayambira pa zosaopsa n'kumalowa pang'onopang'ono m'zobisika. Kunyumba ukukhala ndi ndani, ndipo mukukhalitsana bwanji? Kusukulu zikuyenda? Ukaweruka umachita chiyani, uli ndi anzako? Anzakowo alipo amamwa mowa kapena kusuta, nanga iwe? Alipo adakugwirapo thupi lako iwe usakufuna? Funso lomaliza ndi lomwe ambiri amaliopa: udaganizapo zoti kuli bwino kungofa?

Ogwira ntchito m'chipatala ambiri, monganso makolo, amakhulupirira kuti kufunsa mwana za kudzipha n'kumupatsa nzeru zoipa. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana adaonetsa kuti si zoona. Kufunsa sikubzala ganizolo mwa mwana yemwe alibe, ndipo kwa yemwe ali nalo kale kumakhala ngati kumutula katundu. Dotolo akamva kuti ganizolo lilipo, amayenera kuuza mwanayo kuti chinsinsi ichi chokha sangachisunge, n'kuitana kholo kuti agwirizane zoti mwana asamasiyidwe yekha komanso kuti mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapiritsi onse a m'nyumba atsekeredwe. Wachinyamata yemwe wagonekedwa atamwa poizoni sayenera kutulutsidwa poizoniyo akangotha mphamvu ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Yemwe adayesapo kamodzi ali pachiopsezo chachikulu choyesanso.

Pali mbali ina yomwe dotolo wa ana amaposa aliyense. Mwana yemwe thupi latentha, akubwebweta, sakuzindikira amayi ake ndipo akuona zinthu zomwe ena sakuziona, kawirikawiri sakhala kuti wapenga. Amakhala ndi malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika m'magazi, kapena wamwa china chake. Kumutumiza ku Zomba m'malo momubaya jakisoni n'kumupha. Choncho maphunzirowa amayenda mbali ziwiri: kuona maganizo omwe abisala m'thupi, ndi kuona matenda a thupi omwe avala nkhope ya misala.

Mawu nawo ndi nkhani. M'kalasi maphunziro amachitika m'Chingerezi, koma m'chipinda choonera odwala mumayankhulidwa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Dotolo akangotchula mawu oti "misala," kholo limanyamula mwana wake osadzabweranso, chifukwa palibe yemwe amafuna kuti banja lake lidziwike ndi dzina limenelo. Koma akafunsa ngati mwanayo akuganiza kwambiri, ngati akusowa mtendere mumtima, ngati tulo tikubwera, kholo lomwelo limamasuka n'kuyamba kufotokoza za maliro a bambo ake kapena kutha kwa banja. Zida zoyezera zogwirizana ndi kwathu kuno zilipo kale. Chimodzi ndi MDAT, chomwe Dr Melissa Gladstone ndi anzake adachikonza m'dziko muno n'kuchisindikiza mu 2010 kuti chiziyeza kakulidwe ka ana osapitirira zaka 6 pa kayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kayankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anzawo.

Ndipo dotolo asadzinamize kuti ndiye woyamba kufunsidwa. Mwana yemwe amadzuka usiku akukuwa, kapena kuyenda ali m'tulo, nthawi zambiri amakhala atapita kale kwa asing'anga kapena kumapemphero, ndipo mwina wauzidwa kuti akuphunzitsidwa ufiti ndi agogo ake. Kunyoza kholo chifukwa cha zimenezi kumangotseka khomo. Chofunika n'kufunsa zomwe adamwetsedwa kumeneko, zomwe adauzidwa, ndi kufotokoza kuti kupemphera sikuletsa kubwera kuchipatala.

Piritsi silili patsogolo

Pankhani ya mankhwala, malangizo a WHO ngosamala kwambiri. Mwana wosakwana zaka 12 sayenera kupatsidwa mankhwala a matenda okhumudwa. Kwa wachinyamata, choyamba ndi uphungu, kukambirana ndi banja, kuthana ndi chomwe chikumusautsa monga nkhanza kapena kutonzedwa, ndi kumubwezeretsa kusukulu ndi kumasewera. Zikakanika m'pomwe angapatsidwe fluoxetine, moyang'aniridwa ndi katswiri komanso momuona pafupipafupi m'masabata oyamba. Amitriptyline, yemwe akuluakulu ambiri amalandira m'zipatala zathu, savomerezedwa kwa achinyamata, ndipo ngoopsa munthu akamwa wambiri nthawi imodzi.

Phenobarbitone, mankhwala otchipa omwe akhala akuthandiza odwala khunyu kwa zaka zambiri, amatha kuonjezera kusakhazikika ndi ukali mwa ana ena. Apa mpomwe nkhani ya ana a ku Gulupu aja imapweteka: mwana wachira malungo, wayamba kugwa khunyu, wapatsidwa phenobarbitone, khunyu laleka koma pakhomo pasanduka pabwalo la nkhondo. Dotolo wodziwa amaganizira zosintha mankhwala. Wosadziwa amauza mayi kuti akamulange.

Phunziro la ku Gulupu

Omwe amakayika ngati madotolo otanganidwa kale angasenzenso katundu wina ayenera kukumbukira zomwe zidachitika pachipatala cha Gulupu chomwecho. Kale ana odwala ankaima pamzere umodzi, woyamba kufika n'kukhala woyamba kuonedwa, moti ena ankatsirizika ali kumsana kwa amayi awo. Professor Elizabeth Molyneux ndi anzake adasintha kayendetsedwe ka malo olandirira ana mu 2001, n'kuphunzitsa ogwira ntchito kuzindikira m'kanthawi kochepa mwana yemwe sangadikire. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Njirayi, yotchedwa ETAT, WHO idaifalitsa m'maiko ambiri.

Chidapangitsa kuti ETAT igwire si satifiketi. Zizindikiro zoyang'ana zidali zochepa ndi zosavuta kukumbukira, aliyense adaphunzitsidwa kuyambira dotolo mpaka wolandira odwala pakhomo, akuluakulu a wodi ankayang'anira tsiku ndi tsiku, ndipo mwana akapezeka kuti ali pangozi padali chipinda chomuthamangitsirako. Maphunziro a matenda a maganizo akasowa zinthu zimenezi amathera m'hotela za ku Mponela ndi ku Mangochi, komwe anthu amalandira ma alawansi ndi zikwama, n'kubwerera kukapeza mzere wa odwala 200 ukuwadikira.

Kafukufuku wa ku Mulanje yemwe adatuluka mu 2020 adaonetsa malire a maphunziro a masiku ochepa. Ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono omwe adaphunzira za mhGAP adaonjezera chidziwitso ndi kudzidalira, koma maganizo awo pa anthu odwala matendawa sadasinthe kwenikweni. Mutu umamva msanga kuposa mtima. N'chifukwa chake pali nzeru yoti nkhaniyi izilowa m'maphunziro oyambirira a madotolo, ma clinical officer ndi anamwino, ophunzira akamazungulira m'wodi ya ana, osati kudikira kuti akaione koyamba kuchipatala cha amisala komwe odwala ake ambiri ndi akuluakulu omwe matenda adawafika kale patali. M'mera mpoyamba.

Vutoli si la maiko osauka okha. Mu Okutobala 2021 bungwe la madotolo a ana ku America la American Academy of Pediatrics, pamodzi ndi mabungwe ena awiri, lidalengeza kuti thanzi la maganizo la ana m'dzikolo lafika pangozi, ndipo kuyambira mu Julaye 2025 dotolo aliyense yemwe akuphunzira ukatswiri wa ana kumeneko amayenera kutha masabata anayi akuphunzira za matenda a maganizo. M'chigawo cha Massachusetts, kuyambira mu 2004, dotolo wa ana yemwe wathedwa nzeru amaimba foni n'kulandira malangizo a katswiri mkati mwa mphindi 30, wodwala akadali pomwepo. Nzeru imeneyi si yodula. Dziko lomwe lidakwanitsa kuyambitsa Chipatala Cha Pa Foni ku Balaka mu 2011 kuti anthu azifunsa zaumoyo ali kunyumba lingathenso kupatsa clinical officer wa ku Neno nambala yoti aziimba akakumana ndi mtsikana yemwe wasiya kuyankhula.

Akapezeka apite kuti?

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo chonse chakummwera anthu oposa 600,000 adasowa pokhala. Mabala ndi mafupa othyoka adamangidwa m'masabata oyamba. Koma ana omwe adaona makolo ndi abale awo akukokoloka akukulabe, ena ali kusekondale tsopano, ndipo kwa mwana wotere kugunda kwa mvula padenga la malata kungakhale kokwanira kumusowetsa tulo. Akadwala mutu adzapita pachipatala chapafupi, ndipo pokhapokha wina atafunsa komwe adali mvula ija ikugwa, nkhani ya Freddy siidzatuluka.

Kufunsa kumabala udindo. Ogwira ntchito ena amanena poyera kuti safunsa chifukwa akamva yankho sadziwa kolowera nalo, ndipo mantha amenewa ngomveka. Kwa mwana wochitiridwa nkhanza njira ilipo: malo a Chikwanekwane m'zipatala zikuluzikulu, komwe dotolo, wapolisi, wa zachisamaliro cha anthu ndi mlangizi amapezeka pamodzi, komanso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Kwa achinyamata omwe ali ndi HIV kuli magulu a Teen Club komwe amakumana ndi anzawo a vuto lofanana. Koma kwa mwana wamantha yemwe akukana sukulu, kapena wa zaka zinayi yemwe sadayambe kuyankhula ndipo sayang'ana anthu m'maso, njira imachepa msanga munthu akangotuluka mumzinda.

Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi namwino kapena clinical officer yemwe adaphunzira mwapadera za matenda a maganizo, ena a iwo ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Kaamba ka kuchepa kwa ogwira ntchito, munthu ameneyu amapezeka waikidwa pa ndandanda wa usiku kuwodi ya amayi oyembekezera kapena ya abambo, ndipo ulendo wake woyendera zipatala za kumidzi ndi womwe umayamba kuimitsidwa galimoto ikasowa mafuta. Ofesi yake ndi wodi ya ana nthawi zambiri zimakhala pampanda umodzi, mtunda wosakwana mphindi zisanu, koma wodwala yemwe amafika pakhomo pake amakhala wamkulu yemwe abale amubweretsa atamumanga manja.